Liwu limodzi loti "sinditha" linatsala pang'ono kutigwetsera mlandu wonse

Nkhani iyi ndakhala ndikuzengereza kuilemba kuyambira tsiku lomwe tinatseka fayilo, chifukwa mbali ina ndi kulakwitsa kwathu ife a mu ofesi ndipo palibe amakonda kudziyalutsa yekha. Koma anzanga amene mumagwira milandu ya anthu ovulala kuno ku England ndi Wales, maloya, othandizira maloya, ndi inu omasulira amene timakuitanani zinthu zitathina kale, mwina mutolapo kanthu. Mayina sinditchula, khoti lakenso ayi, ndalama ndingotchula mozungulira osati mpaka peni yomaliza. Mwini nkhani anavomera kuti ndilembe.

Anali mayi a zaka za m'ma 40, ntchito yawo yosamalira okalamba, mashifiti aatali oimirira, kutembenuza odwala, kuwasambitsa, kukwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse. Madzulo ena akuweruka, vani yomwe inkabwerera m'mbuyo pamalo oimika magalimoto inawagwetsa n'kuwaponda phazi lakumanja. Fupa la pa kakolo linathyoka pawiri, anawachita opaleshoni n'kuwaika zitsulo, miyezi isanu ali pakhomo. A inshuwalansi ya vaniyo sanalimbane nazo, anavomera msanga kuti dalaivala wawo ndiye analakwa. Ndiye mkangano unangotsala pa kuchuluka kwa chipukuta misozi basi. Milandu yotereyi ndi imene imatigonetsa tulo, umangoti apa tawina kale.

Tsiku loyamba anafunsa zomwe aliyense amafunsa. "A loya, nanga tikaluza ndilipira ndi chani?" Tinasainirana pangano lija loti tikaluza ife sitilandira kanthu, tikawina timatenga gawo lomwe lamulo silola kuti lipitirire 25 peresenti ya ndalama za ululu ndi zomwe munthu wataya kale, za m'tsogolo sitikhudzako. Za maloya a mbali inayo ndinawauza za QOCS, lamulo loteteza munthu wovulala pa nkhani yolipira maloya amenewo. Kwa amene mwangoyamba kumene, mwachizolowezi woluza ndiye amalipira maloya a wowina. Koma kuyambira pa 1 Epulo 2013, kutsatira lipoti la Lord Justice Jackson ndi lamulo la LASPO la 2012, munthu wovulala akaluza khoti likhoza kulamula ndithu kuti alipire koma mbali inayo singamutolere zoposa zomwe iye wapata pa mlanduwo, ndiye ngati sanapate kanthu palibenso chomulanda. Zili mu CPR, malamulo oyendetsera milandu yotereyi kukhoti, 44.13 mpaka 44.17. Chitetezo chabwino, koma chili ndi mabowo, ndipo awiri akuluakulu ndi awa, khoti likapeza kuti munthu wanama pa phata la mlandu, zomwe amati fundamental dishonesty, komanso akakana ndalama za Part 36, zomwe mbali inayo imalonjeza kuti mlandu uthe mogwirizana, kenako a jaji n'kumupatsa zosaposa pamenepo. Mabowo amenewa ndinawatchula inde, alipo mu kalata yanga, koma ndinawadutsa mothamanga ngati malemba ang'onoang'ono a pansi pa fomu, mayiwo akungogwedeza mutu.

Chinthu chimodzi chokha chomwe ndinachita bwino tsiku limenelo n'kuwalangiza kutenga inshuwalansi ya ATE, ija yogula ngozi itachitika kale, yomwe imalipira maloya a mbali inayo khoti likalamula kuti kasitomala awalipire. Mnzanga wina mu ofesi anandiseka amvekere mukuwadyera ndalama mayiwa, mlandu avomera kale, QOCS iliponso. Mfundo anali nayo, pajatu kuyambira 2013 ndalama ya inshuwalansi imeneyi sitiitenganso kwa woluza, imachoka m'thumba la kasitomala. Ndinakakamira.

Tinasuma ku County Court chapakati pa 2023, mlandu unaikidwa pa multi-track, gulu la milandu ikuluikulu, chifukwa zomwe tinkafuna zinali pafupifupi £70,000, zambiri mwa izo za malipiro a m'tsogolo ndi za anthu owathandiza pakhomo. Kulakwitsa kwathu kunayambira pa sitetimenti. Mayiwo Chingerezi amayankhula, kuntchito amalemba malipoti a odwala, ndiye palibe anaganiza zoitana womasulira. Mtsikana wathu wothandizira maloya anawaimbira foni, anacheza ola lathunthu, analemba manotsi, kenako anawasandutsa sitetimenti ya Chingerezi chosalala bwino cha mu ofesi. Ndime 14 inkati sangathe kuyenda kukafika kusitolo ya pafupi ndi kwawo, sangathe kunyamula zogula, sangathe kuimirira kupitirira mphindi 15. Ine ndinaiwerenga, sindinaone vuto, mayiwo anasaina. Kwa dokotala wa mafupa wolemba lipoti la kukhoti anapita ndi amuna awo, ndipo pambuyo pake tinadziwa kuti mafunso ambiri ankayankha ndi bambowo, mwa chikondi ndithu, amvekere mkazi wangayu palibe chomwe amachita, zonse ndi ine.

A inshuwalansi anadikira. Amatero nthawi zonse, amasiya munthu adzimange yekha ndi siginecha kaye. Patangopita milungu itatu titasinthana masitetimenti, inabwera vidiyo. Anawajambula mobisa masiku atatu osiyana. Mayi athu akutuluka pakhomo opanda ndodo, akuyenda mpaka kusitolo ija yomweyo ya mu ndime 14, akutuluka ndi chikwama kumanja. Tsiku lina akukwera basi. Pamwamba pake anaikapo kavidiyo ka pa Facebook komwe amuna awo anaika, mayi akuvina pa ukwati. Kalata yotsagana nayo inali yaifupi, akuti adzapempha khoti lipeze kuti pali bodza pa phata la mlandu, ndiye mayiwo angousiya mlanduwo zisanafike poipa.

Ndinaionera kawiri ndili ndekha, m'mimba munatentha. Chifukwa apa chitetezo chija chimatha m'njira ziwiri nthawi imodzi. CPR 44.16 imalola khoti kuchotsa QOCS, ndiye munthu amalipira maloya a mbali inayo kuchokera m'thumba mwake. Ndiye palinso gawo 57 la Criminal Justice and Courts Act 2015, lomwe limati khoti lithetse mlandu wonse, ngakhale mbali yomwe ili yoona, pokhapokha ngati kutero kungakhale kupondereza kwakukulu. Phazi linathyokadi, zitsulo zilimo, koma munthu n'kutuluka chimanjamanja. Amene mukukumbuka mlandu wa Sinfield wa 2018, bambo uja anavulala akugwira ntchito yongodzipereka pa masewera a Olympics a ku London, kuvulala kunali koona koma ma invoice abodza a wosamalira dimba anamugwetsera zonse. Inshuwalansi ya ATE nayo ikamva kuti khoti lapeza bodza imasamba m'manja. Ndipo kumapeto kwenikweni kuli mlandu wonyoza khoti chifukwa chosainira zabodza, womwe ukhoza kufika mpaka zaka ziwiri kundende. Kungousiya mlandu nakonso si kuthawa, malamulo amalola khoti kumvabe nkhani ya bodzayo ngakhale munthu atausiya.

Ndinawaitana mayiwo, amuna awo ndinawapempha adikire panja, ndipo kwa nthawi yoyamba tinacheza m'Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinawaonetsa vidiyo. Sanadzidzimuke n'komwe, anangoti "eya ndine, limenelo linali Lachiwiri." Ndimvekere mayi, nanga munasainira bwanji kuti simungathe kuyenda kukafika kusitolo? Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "A loya, sinditha kuyendadi. Kumene kuja ndi kuyenda? Kale ndinkapita n'kubwera madzi asanawire. Pano ndimafika pa siteji ya basi ndikhale kaye, pobwera ndikhalenso, ndikafika kunyumba phazi lili chonchi." Anatambasula manja kuonetsa kutupa kwake. Apa mpamene ndinamva. Ifetu tikati sinditha kuyenda, sinditha kugona, sindikutha kudya, sitikutanthauza kuti miyendo yafa kapena sitinatseke diso usiku wonse, timatanthauza kuti zikuchitika movutikira, osati monga kale. Iwo mumtima ankanena zimenezo, pakamwa panatuluka can't, mtsikana wathu analemba unable, loya wa inshuwalansi anawerenga kuti n'zosatheka. Za ukwati anati inali nyimbo imodzi, ya mwana wa mchemwali wawo, "ndikanakhala pansi anthu akanati chani," mawa lake sanadzuke.

Kumukhulupirira kasitomala ndi chinthu china, kupeza pepala lomuikira kumbuyo ndi chinanso. Tinayamba kufukula. Choyamba ndinapempha vidiyo yonse yosadula ndi manotsi a ojambulawo, osati mphindi 12 zomwe anatisankhira. Anazengereza koma anatumiza, ndipo munalidi, mayi atakhala pa siteji ya basi mphindi zisanu ndi imodzi, nsapato atavula, akusisita kakolo. Kachigawo kameneko anakadula. Chachiwiri, manotsi a fizio. Miyezi iwiri vidiyo isanajambulidwe mayiwo anauza okha wa fizio kuti ayamba kuyenda mpaka kusitolo koma akumapuma panjira. Munthu wofuna kunamiza khoti sakadziulula yekha kuchipatala. Chachitatu chinali chowawa, manotsi a mtsikana wathu uja. Analemba kuti sangathe kuyenda kusitolo, kenako kamzere, ululu, pang'onopang'ono, amapuma pa siteji. Theka lachiwirilo silinalowe mu sitetimenti. Sindimuimba mlandu mtsikanayo, amene anayenera kuika manotsi ndi sitetimenti pambali n'kufananiza ndi ine.

Apa panali zisankho zitatu ndipo chilichonse chinali ndi mtengo wake. Ndinawauza mayiwo poyera, pakamwa ndi pakalata, kuti gawo lina la vutoli tapangitsa ndife ndipo ali ndi ufulu wokafunsa loya wina. Anasankha kukhala nafe. Kenako nkhani yotulutsa manotsi aja, omwe ndi chinsinsi cha loya ndi kasitomala, ukatulutsa pepala limodzi mbali inayo ikhoza kunena kuti tulutsani onse okhudza nkhani yomweyo. Tinawerenga fayilo yonse ndi barrister wathu, loya wokatiyankhulira kukhoti, munalibe chochititsa manyazi, mayiwo anavomera, tinatulutsa. Chomaliza, tinapempha khoti chilolezo chopereka sitetimenti yachiwiri, iyi yolembedwa m'Chichewa ndi womasulira wodziimira payekha n'kuimasulira m'Chingerezi. Practice Direction 32 kuyambira mu Epulo 2020 imanena kuti sitetimenti ilembedwe m'chiyankhulo cha mboniyo. Makhoti amalola Chingerezi ngati munthu amachidziwa mokwanira kuyankha mafunso a loya, ndiye yoyamba ija sinali yophwanya lamulo kwenikweni, koma Chingerezi cholembera lipoti la wodwala si Chingerezi chofotokozera ululu wako pamaso pa munthu amene akusaka liwu limodzi loti akukole nalo. Tinatsitsanso zomwe tinkafuna kufika cha m'ma £45,000, chifukwa madokotala a mbali zonse ziwiri ataona vidiyo anagwirizana kuti mayiwo akhoza kubwerera ku ntchito yopepukirapo.

A inshuwalansi ataona zimenezi sanachotse nkhani ya bodza koma anaponya Part 36 ya £30,000. Ndi kuchenjera kumeneko, mbali ina akukuopseza mbali ina akudzitchinjiriza. Munthu amakhala ndi masiku 21, akadutsa osalandira ndiye kukhoti n'kupata zosaposa pamenepo, ndalama zonse za maloya a mbali inayo kuyambira tsiku limenelo zimakhala pa iye, ndipo QOCS siletsa kuti zichotsedwe pa chipukuta misozi chake. Mlandu wathunso unagwera m'malamulo atsopano. Mu 2021 Supreme Court pa mlandu wa Ho v Adelekun inali itatseka njira yoti a inshuwalansi adzilipire kuchokera pa ndalama za maloya a wovulala, koma malamulo anasinthidwa ndipo milandu yosumidwa kuyambira pa 6 Epulo 2023 akhoza kutolera pa chipukuta misozi, pa chiwongola dzanja, ndi pa ndalama za maloya zomwe. Barrister anati mwayi wopata zoposa £30,000 ulipo kuposa theka pang'ono. Ine mumtima ndinkafuna alandire, chifukwa mlandu ukatha mogwirizana khoti silibwereranso ku nkhani ya bodza pokhapokha patakhala chifukwa chapadera kwambiri. Ndinawauza zimenezo. Anakana. "Anthu anditcha wabodza pakalata, lero andipatse ndalama kuti ndikhale chete? Ndikalandira ndiye kuti ndavomera." Ndinafotokoza kuti pa lamulo sizitanthauza choncho, ndinajambula masamu papepala, anangolipinda n'kuika m'chikwama. Mlandu ndi wawo. Chomwe ndinachita tsiku lomwelo n'kulembera a ATE, kuwatumizira maganizo a barrister, n'kudikira mpaka atayankha pakalata kuti avomera tikane ndipo apitiriza kuteteza. Anayankha kutatsala masiku awiri. Pakanapanda kalata imeneyo nkhani ino ikanatha mwina.

Kukonzekera tsiku la mlandu ndinachita zomwe timachita tonse. Kuno kuphunzitsa mboni zoti ikanene n'koletsedwa, chololedwa n'kuizoloweretsa m'mene khoti limayendera. Ndiye tinadutsa zonse, kufika msanga chifukwa pakhomo amasecha zikwama, foni kuzimitsa osati kungoitsitsa mawu, osajambula chithunzi kapena mawu m'khoti chifukwa ndi mlandu pawokha, a jaji akamalowa tonse timaimirira n'kuweramitsa mutu pang'ono, kulumbira pa Baibulo kapena kungolonjeza zonse n'zololedwa. A jaji athu anali Circuit Judge ndiye ndi Your Honour, akanakhala District Judge bwenzi tikungoti Judge monga zakhalira kuyambira Disembala 2022, My Lord ndi My Lady n'za ku High Court. Ndinawauza kuti funso lichokera kwa loya koma yankho lizipita kwa a jaji, ayankhe ndi mawu osati mutu chifukwa makina ojambula samva kugwedeza, ngati sakukumbuka anene kuti sakukumbuka. Ndinkaona ngati ndamaliza zonse. Chomwe sindinaganize n'choti vuto la mayi awa silidzakhala kuchepa ulemu koma kuchuluka kwake.

Atalumbira, a jaji anawauza mokoma kuti akhale pansi poona vuto la phazi. Womasulira anamasulira. Mayi anati zikomo, osakhala. A jaji anabwereza, mayi anati ali bwino. Ine kumbuyo kwa barrister ndikuwayang'anitsitsa kuti mwina tikumana maso, iwo maso ali pansi. Loya wa inshuwalansi, munthu wodekha zedi, sananene kanthu, anayamba mafunso ake a tsamba ili tsamba ilo, za malipiro, za mashifiti, zinthu zosaopsa. Kenako anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kunena kuti mayi, munalumbira 10:40, pano ndi 11:20, mwaimirira mphindi 40 ndipo mpando uli kumbuyo kwanuko, tsegulani ndime 14. M'khoti munangoti zii. Mayi anayankha motsitsa, womasulira n'kubwereza mokweza, kuti sakanatha kukhala pansi akuyankhula ndi a jaji, sanaleredwe choncho. Loya uja anati ndiye kuti mukafuna mumatha. Anati "ndikutha, koma taonani." Anasuntha pang'ono kuchoka kuseri kwa tebulo la mboni. Nsapato ya kumanja inali pambali, anaivula kalekale, aima ndi mwendo wamanzere, phazi lovulalalo langogunda pansi ndi zala, dzanja lagwira m'mphepete mwa tebulo mpaka mitsempha kuoneka. A jaji anasuzumira, analemba kanthu, kenako anati tsopano sakupempha koma akulamula kuti akhale. Anakhala. Tinapulumuka mwamwayi, akanakhala munthu wopirira mosaonetsa bwenzi mphindi 40 zija zitalowa m'chigamulo ngati umboni wotsutsa. Panopa kasitomala aliyense wovulala mwendo kapena msana ndimamuuza mawu awa, a jaji akati khalani, kukhala ndiye ulemuwo, ndipo mukatopa nenani.

Chachiwiri chinali eya. Loya akamayala funso lalitali, mayi ankati eya, eya, pakati, kusonyeza kuti akumva. Womasulira wachilungamo ankati yes, yes. Pa funso loti kodi mukuvomera kuti munauza dokotala zinthu zosaona, eya anatuluka funso lisanathe ndipo loya uja anangoti zikomo n'kutembenuza tsamba. Barrister wathu anaimirira n'kupempha kuti funsolo libwerezedwe lonse, womasulira nayenso anapempha chilolezo kwa a jaji n'kufotokoza kuti eya ameneyu nthawi zina ndi wongoti ndikumva pitirizani. Atafunsidwanso mayi anati ayi, dokotala ankayankhula ndi amuna anga, ine anandifunsa zochepa. Inu omasulira, kulimba mtima kumene kuja n'kofunika, ndipo anachita mwa njira yake, kupempha a jaji kaye osati kungolowerera.

Ndiye bambo aja. Ndinali nditawauza kuti akhale kumbuyo phee. Mkazi wawo atavutika kukumbuka tsiku lomwe anasiya ndodo, bambo anangoti "mu Malichi" mokweza. A jaji anaika cholembera pansi n'kunena kuti akamvanso liwu limodzi atuluka. Nthawi ya nkhomaliro inakwana mayi asanamalize umboni, a jaji anachenjeza monga mwa nthawi zonse kuti asakambe za umboni wawo ndi munthu aliyense. Mayi anabwera kwa ine pakhonde maso ali ndi misozi akufuna kudziwa ngati zikuyenda, ndinangoti pepani mayi sindingayankhule nanu mpaka mumalize, ndinachoka. Zimawawa koma ndi momwemo. Kulakwitsa kwanga n'koti sindinaike munthu woti akhale nawo chapatali, ndiye bambo anakakhala nawo pabenchi akunong'onezana, loya wamng'ono wa mbali inayo ali potero akuona. Titabwerera funso loyamba linali lomwelo, mwakambirana chani. Mayi anati anandifunsa ngati ndamwa mankhwala, anandiuza ndisaope, ndiye anayamba kunena za Malichi uja ndinawauza akhale chete a jaji akana. Barrister wathu anandiuza pambuyo kuti yankho limenelo linatithandiza kuposa manotsi onse, chifukwa munthu wabodza akanangoti sitinakambe kanthu.

Chigamulo chinabwera tsiku lachiwiri madzulo. A jaji anatsata muyeso wa mlandu wa Ivey v Genting wa 2017, kuyamba wapeza chomwe munthuyo ankadziwa ndi kukhulupirira mumtima mwake, kenako n'kufunsa ngati anthu wamba oona mtima angati n'chinyengo. Anati ndime 14 inali yolakwika ndipo mayiwo anayenera kuiwerenga mosamala asanasaine, anatinso pa za thandizo la pakhomo panali kukokomeza makamaka kochokera kwa amuna awo, koma sanapeze kuti mayiwo ankafuna kunamiza aliyense. Anatchula manotsi a fizio, kachigawo kodulidwa ka pa siteji, ndi m'mene anayankhira za nkhomaliro. Ofesi yathu anaitchulanso, mwaulemu koma momveka. QOCS inatsala. Ndiye anafika pa masamu. Za ululu £17,000, zotayika kale cha m'ma £7,000, za m'tsogolo anadula kwambiri kutsala £2,500. Zonse £26,500. Sitinafike pa £30,000.

Mayi anali akumwetulira, amva kuti si wabodza, ine ndikuwerengera. A inshuwalansi analamulidwa kulipira ndalama zathu mpaka tsiku lomwe masiku 21 aja anatha, mayi kulipira zawo kuyambira pamenepo, zomwe ndi masiku awiri a mlandu zinafika pafupifupi £19,000. Popanda ATE ndalama imeneyo ikanachoka pa £26,500 ija, kuchotsanso gawo lathu, bwenzi atatsala ndi zosakwana n'komwe malipiro omwe anataya. A ATE anafunsa mafunso miyezi itatu, anafuna chigamulo cholembedwa kuti aone okha kuti mulibe liwu loti bodza, anafunanso kalata yawo ija, kenako analipira. Ntchito yathu yonse ya pambuyo pa Part 36 palibe anatilipira, inapita. Gawo lathu likanafika £6,000, tinagwirizana mu ofesi kutenga theka chifukwa ndime 14 inali yathu. Atachotsa ndi ya inshuwalansi, mayi analandira cha m'ma £22,000. Akanalandira £30,000 ija akanapata zoposerapo pang'ono, miyezi khumi m'mbuyo, opanda kuima ndi mwendo umodzi pamaso pa anthu. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinalephera kuwafotokozera kapena anamva bwinobwino n'kusankha zomwe ankafuna, mnzanga uja wondiseka za ATE amati chachiwiricho.

Mu ofesi tinasintha zingapo. Sitetimenti iliyonse tsopano timaiwerenga limodzi ndi manotsi ake, ndipo paliponse pomwe palembedwa kuti munthu sangathe timabwerera kukafunsa, simungathe n'komwe kapena mumatha movutika, kangati pa sabata, mukatero chimachitika n'chani mawa lake. Kwa dokotala timatumiza womasulira, wachibale amadikira panja. Za Facebook timafunsa za banja lonse osati za kasitomala yekha, ndipo timawauza kuti asafufute kanthu chifukwa kufufuta kumaoneka koipa kuposa chithunzicho. Mabowo a QOCS ndimawafotokoza kawiri, tsiku loyamba ndi tsiku losaina sitetimenti, munthuyo andibwezere m'mawu ake.

Mayi aja anabwerera kuntchito, masiku atatu pa sabata, mbali yopereka mankhwala ndi kulemba, zonyamula odwala anasiya. Tsiku lodzasaina mapepala otsekera fayilo anapempha kope la chigamulo, ndinawapatsa lonse masamba 11, anati ayi ndikufuna tsamba lija lokha. Ndinawapezera, ndime yomwe a jaji anati sanapeze chinyengo. Anandipempha ndiwawerengere m'Chichewa, ndinawerenga, anati ndibwereze, kenako analipinda kanayi n'kuliika m'chikwama momwe munali pepala la masamu lija.